Njinga ya Agogo ndi Njanji ya ku Golomoti

Tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chaka cha 2023 tidakakhala kumudzi ku Nkhudzi, m'mbali mwa nyanja, chakumwera kwa Monkey Bay. Tidanyamuka ku Blantyre banja lonse, ana atatu ndi ife makolo awo, titakweza njinga ziwiri pa basi. Cholinga chathu chidali choti ana akasambe m'nyanja, akadye chambo ndi kukaona agogo awo aamuna, omwe panthawiyo n'kuti atakwanitsa zaka 80.

Tsiku lachitatu mwana wathu wachisamba adatulutsa njinga yakale ya Humber m'kanyumba kosungiramo maukonde. Idali yadzimbiri, matayala ali phwa. Uku akuipukuta, adatiuza zomwe adawerenga kusukulu, zoti ku England, pakati pa mizinda ya Bristol ndi Bath, njanji yomwe sitima zidasiya kudutsapo adaizula n'kukonzapo njira ya njinga yotalika makilomita oposa 20. Adafunsa ngati kwathu kuno kuli njira yotere. Ife tidaseka, poti m'boma la Mangochi njanji siidafikemo.

Koma agogo sadaseke. "Mdzukulu wanga," adatero, "njinga wagwirayo idabwera pa njanji."

Usiku umenewo adatifotokozera. M'chaka cha 1961 iwo ndi akulu awo adayenda pansi kuchoka ku Nkhudzi mpaka ku Golomoti, m'boma la Dedza, kumene kumadutsa njanji yomwe idafika ku Salima mu 1935. Masiku amenewo anyamata ambiri ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ena potengedwa ndi Mthandizi, ena mwa selefu. Awiriwa adapita mwa selefu. Sitima idawadutsitsa ku Balaka, ku Limbe ndi ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana. Atasintha sitima m'dziko la Mozambique adalowera ku Umtali mpaka ku Salisbury, yomwe tsopano ndi Harare. Patatha zaka zinayi agogo adabwerera ndi njinga ija, natsikira pa Golomoti pomwepo n'kuipalasa mpaka kumudzi.

Ana adaumirira kuti tikaione njanjiyo. Ife tidakayika chifukwa miyendo ya agogo idali itayamba kutupa. Eni akewo ndiwo adadula nkhani: "Mukandisiya chaka chino, mudzanditenga liti?"

Wokonza njinga wa pamsika adaika machubu, tcheni ndi mabuleki atsopano pa Humber ija. Tidabwereka njinga ina yachinayi, ndipo m'bandakucha wa Loweruka tidakwera matola yodzera msewu wa ku Golomoti. Titafika, mayi wina wogulitsa mandasi adatichenjeza kuti njanji iyi si yakufa ngati ya ku England ija, sitima za katundu zimadutsabe mwa apo ndi apo. Choncho tidatsata kanjira ka anthu oyenda pansi ka m'mbali mwake, kulowera chakumpoto, ndipo agogo adaletsa mwana aliyense kuponda pazitsulo.

Agogo adakhala pa kaliyala ya njinga yawo yomwe, titawayalira chitenje chopinda, mdzukulu wawo wamkulu ndiye ankapalasa. Chitsirizira wathu adakhala kumbuyo kwa bambo ake. Ulendo sudali wofewa ayi. Mchenga unkagwira matayala, mphepo ya mwera inkatithira fumbi, ndipo tisanapite patali minga idaboola chubu cha njinga yobwereka. Tidamata tili pansi pa mlambe, mapiri a Dedza akuoneka chakumadzulo. Mtsikana wathu adayamba kudandaula kuti bola tikadatsala kunyanja.

Pamenepo agogo adatsika, nayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kuima moyang'ana kumwera kumene njanji imachokera. Adakhala chete kanthawi. Kenaka adati: "Tidapita awiri, ndidabwera ndekha."

Akulu awo aja adawaperekeza pa siteshoni ku Salisbury, nawauza kuti akauze mayi kuti iwo abwera chaka chamawa. Poyamba makalata ankabwera, nthawi zina ndi kandalama. Pambuyo pake adayamba kubwera patalipatali, mpaka kudangoti zii. Munthu adasanduka mtchona. Mayi awo, mpaka tsiku lomwalira, ankafunsa aliyense wochokera ku Harare ngati adamuonako mwana wawo. Ndipo agogo adaulula kuti theka la ndalama zogulira njinga ija adawapatsa ndi akulu awowo, n'chifukwa chake sadaigulitse ngakhale pa njala ya mu 2002, pamene adagulitsa mbuzi zonse.

Okondedwa awerengi, mmodzi wa ife ndi mwana wobereka wa agogowa, wina wakhala m'banjali zaka makumi awiri, koma nkhani imeneyi tonse tidaimva koyamba tsiku limenelo. Dzina la akulu awowo tinkalidziwa, koma sitidafunsepo kuti adathera kuti. Tikapita kumudzi tinkapereka shuga ndi sopo, kufunsa za matenda, n'kuyamba kuyang'ana nthawi ya basi.

Mtsikana uja adasiya kudandaula. Adatulutsa kope m'chikwama, nalemba dzina la agogo ake otayikawo, chaka chomwe adachoka, ndi dera la Highfield kumene ankakhala. Adati mwina kumeneko kuli abale athu omwe sadziwa kuti kwawo ndi ku Nkhudzi. Pobwerera adapempha kuti iye ndiye apalase Humber, ndipo agogo adamulola, iwo n'kusamukira pa njinga ina.

Sitidayende mtunda wautali, ndipo sitima sitidaione. Chaka chotsatira agogo sakadathanso kukhala pa kaliyala. Paja akulu adati mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene adawamva eni ake akadali ndi mphamvu zoyankhula.

Tsiku lotsanzikana agogo adapereka njinga ija kwa mdzukulu wawo wamkulu kuti apite nayo ku Blantyre. Mnyamatayo adagwada, nathokoza, koma adakana kuitenga. Adati ikhale pomwepo m'kanyumba ka maukonde, kuti wina wochokera ku Harare akadzafika pakhomopo adzaipeze.