Galaja yanga idagwetsa khitchini ya aneba

A Mkonzi, ndiloleni ndifotokozeko zomwe zidandigwera, mwina wina angatolepo phunziro asanataye ndalama ngati ine.

Nditagula kagalimoto kanga kakale, tulo tidasowa. Galu akangouwa usiku ndinkadzuka kukasuzumira pawindo, kuopa kuti akuba achotsa batire. Choncho ndidaganiza zomanga galaja kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi kachipinda kosungiramo makasu, wilibala ndi matumba a chimanga.

Mmisiri adandilangiza kuti tisataye malo: mpanda womwe ulipowo ukhale khoma lakumbuyo la galajayo. Ndidavomera msanga poona kuti njerwa ndi simenti zichepa. Za pulani sindidaganizeko n'komwe. Mumtima ndinkati puloti ndi yanga, ndalama ndi zanga, nanga khonsolo ikufuna chiyani kuseri kwa nyumba yanga?

Mvula itayamba, malata a galaja ankakhuthulira madzi onse kwa aneba anga, mayi wamasiye yemwe takhala naye bwino zaka zambiri. Khitchini yawo ya zidina idali pafupi ndi mpandawo. Madzi adafewetsa khoma pang'onopang'ono mpaka tsiku lina m'mbandakucha lidagwa. Mwamwayi zidzukulu zawo, zomwe zimakonda kuotha moto m'menemo, zidali zisanadzuke.

Mayiwo sadalalate. Adangoima pageti panga n'kunena kuti: "Bambo, tabwerani mudzaone zomwe denga lanu latichita." Ndidasowa poyang'ana.

Nkhaniyi idafika ku khonsolo, ndipo kumeneko ndi komwe ndidamva zomwe ndikadafunsa poyamba. Pansi pa lamulo la Physical Planning Act la 2016, m'mizinda munthu sumangodzuka n'kumanga chinthu chokhalitsa ngati galaja wopanda chilolezo, ngakhale pamalo pako. Umapereka pulani, ndipo akatswiri amaona ngati wasiya mpata pakati pa chomangacho ndi malire a puloti, komwe madzi a padenga adzalowere, komanso ngati sukumanga pamwamba pa mapaipi, pa ngalande, pansi pa mawaya a magetsi kapena m'malo a msewu. Nakonso kusandutsa galaja kukhala shopu kapena nyumba ya lendi kumafuna chilolezo.

Kale ndinkayesa mpatawo ndi malo ongotayika. Tsopano ndikudziwa kuti ndi wa madzi, wa mphepo, wa kuwala, ndiponso ndi umene umachedwetsa moto kulumphira kwa mnzako.

Ndidagumula galajayo ndi manja anga, n'kuwamangira mayiwo khitchini ya njerwa zootcha. Ndalama zomwe ndidaononga zidaposa kutali zomwe ndinkathawa kulipira wojambula pulani. Akuluakulu sadaname, safunsa adadya phula.

Komabe pempho ndili nalo kwa makhonsolo a mizinda yathu inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ambirife malamulowa timawamva zinthu zitaonongeka kale. Afotokozeni m'zilankhulo zathu pa wailesi, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi kudzera mwa makhansala ndi mafumu a m'tauni. Amisiri nawonso aphunzitsidwe, pakuti ndiwo timayamba kuwafunsa. Ndipo wopereka pulani ya kagalaja aziyankhidwa msanga, chifukwa wotopa ndi kudikira amamanga usiku.

Galimoto yanga ikugonabe panja pamene ndikudikira pulani yatsopano. Koma dzulo mayi aja adanditumizira mbale ya maungu ophikidwa m'khitchini yatsopanoyo, ndipo ndidagona tulo tabwino.

Wowerenga wanu wa sabata ndi sabata