Bwalo la Rufaro ndi ana a machona a ku Macheke

Basi zochokera ku Macheke zikayenda mtunda wa makilomita oposa 100 zimatsitsa anthu pa Mbare Musika mumzinda wa Harare. Chapafupi pomwepo pali bwalo la zamasewero la Rufaro, lomwe dzina lake m'Chishona limatanthauza chimwemwe. Bwaloli ndi la khonsolo ya mzindawu, ndipo ndi kwawo kwa timu ya Dynamos, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1963.

Mbiri ya bwaloli idafika pachimake usiku wa pa 17 Epulo 1980. Pakati pa usiku mbendera ya Britain idatsitsidwa Prince Charles akuonerera, ndipo ya Zimbabwe idakwezedwa. Bob Marley adaimba pamwambowo, koma chikhamu chomwe chidatsekeredwa kunja chitayamba kulowa mokakamiza, apolisi adaponya utsi wokhetsa misozi. Mu 1987 Paul Simon adaimbanso pomwepo pamodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, pa nthawi yomwe tsankho lidali lisadathe ku South Africa.

Pa famu ina ya fodya ku Macheke pali gogo wina amene amaidziwa bwino mbiriyi ngakhale adalowa m'bwaloli kawiri kokha. Bambo awo adachoka ku Dedza kudzera ku Mthandizi, nachona. Iwo adabadwira m'komboni, adavinidwa kudambwe la pa famu pomwepo, ndipo usiku wa ufulu adaumvera pa wailesi pamodzi ndi anzawo ogwira ntchito m'zigafa. M'zaka za m'ma 1980, Moses Chunga akagoletsa chigoli ku Rufaro, komboni yonse inkalulutira, pakuti katswiriyo adali wa magazi a ku Malawi monga iwo. Dziko lomwe linkamuimbira m'manja mnyamatayo, gogowa ankaliyesa lawo.

Zinthu zidatembenuka mu 2000 pamene mafamu a azungu adayamba kulandidwa. Antchito ambiri adataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo ochepa okha ndiwo adalandira malo. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa: aliyense amene makolo ake adachokera kunja adayenera kukana unzika wa dziko la makolowo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Uthengawu sudafike bwino m'makomboni, ndipo anthu obadwira ku Macheke, amene sadapondeko ku Malawi, adapezeka ali alendo osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC. Komabe lamulo lili papepala silimpatsa mwana chiphaso. Pamene kholo lilibe chitupa, mwana amavutika kupeza kalata yakubadwa, ndipo popanda kalatayo mayeso a boma ndi ntchito zimamudutsa.

Nalo bwalo la Rufaro lidaona mavuto ake. Udzu wochita kupanga womwe bungwe la FIFA lidathandiza kuyala udatha ndipo udachotsedwa. Mu 2020 bungwe la CAF lidaletsa mabwalo a m'Zimbabwe kuchititsa masewero a pakati pa mayiko, ndipo pambuyo pake timu ya dziko idayamba kukasewerera kunja masewero omwe ikadasewera pakhomo. Rufaro lidatsekedwa kuti likonzedwe, ndipo masewero a ligi adabwereramo mu 2024.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa gogo wa ku Macheke, fodya wa pamphunoyo ndi chiphaso cha mdzukulu wawo, amene amamenya mpira wachikulunga kuseri kwa zigafa atavala malaya obiriwira ngati mtambo a Dynamos. Bwalo lomwe lidalandira ufulu lakonzedwa. Chatsala ndi chakuti maofesi olembetsa anthu afike m'makomboni, kuti mwanayo akadzaitanidwa kukasewera ku Rufaro adzalowe monga mwini dziko.