Wapakatiyu ndi ndani?

Azakhali atulutsa sutikesi ya pansi pa bedi, muli zithunzi zakalekale, m'mbali mwake mphemvu zinadya kale. Pa china pali azibambo atatu ovala zipewa ndi majekete, kumbuyo kuli chidindo cha situdiyo ya ku Salisbury. Ndiye kuti anajambulitsa mzindawu usanatchedwe Harare mu 1982. Azakhali akuti wapakatiyo ndi agogo aamuna, ati taonani makutuwo, ndi akwathu enieni. Bambo aang'ono akukanitsitsa, akuti ameneyo ndi mtchona wina amene ankagwira ntchito ndi agogowo. Akanathetsa mkanganowu ndi agogo aakazi, koma anatisiya.

Anzanga, zithunzi zakwanu munalembako maina kumbuyo akuluakulu akadalipo? Kapena nanunso mumangoyendera makutu ndi mphuno?