Za Kusiya Mphunzitsi ndi Kutsata Wina

Kuno ku Chigwa cha Shire kwatigwera funso limene makolo athu sanalidziwe. Anyamata ena a ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, ataona Bruce Lee m'nyumba za kanema, ayamba kuphunzira karate, ndiwo masewera a nkhonya ndi mateche. M'masewera amenewa wophunzira ayamba ndi lamba woyera, nakwera pang'onopang'ono kufikira lamba wakuda. Tsono ana athu, amene tiwalipirira ndi ndalama za thonje, abwera kwa ife nati, "Mphunzitsi wathu atichedwetsa, tiloleni timuke kwa wina wopatsa lamba msanga." Tidzawayankha chiyani?

Tiyeni tiyambe taona eni ake a masewerawa. Gichin Funakoshi, wa ku chisumbu cha Okinawa, amene anaonetsa karate ku Tokyo m'chaka cha 1922, anaphunzira kwa anthu awiri, Azato ndi Itosu. Ali mnyamata anayenda usiku kumuka kwa Azato, ndipo iyeyo anamchititsa mayendedwe amodzimodzi kwa miyezi, osamlola kuyamba ena kufikira atakhoza oyambawo. Funakoshi sanathawe. Ndiponso aphunzitsi ake awiriwo anali mabwenzi, osachitirana nsanje pa mwanayo. Winanso ndi Jigoro Kano, amene anayambitsa judo m'chaka cha 1882. Iyeyu anali ndi aphunzitsi atatu, koma sanasiye woyamba chifukwa cha kutopa iai. Imfa ndiyo inamchotsera woyamba mu 1879, ndi wachiwiri mu 1881.

Pamenepa tiona kuti kukhala ndi aphunzitsi oposa mmodzi si tchimo. Choipa ndicho mtima wosakhazikika. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwana wochoka chifukwa auzidwa kubwereza chinthu chimodzi masiku ambiri, adzachokanso kwa wachiwiri, pakuti kumenekonso kuli thukuta. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja alikusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje. Kodi tiyesa kuti mwana wa wosula analandira nyundo tsiku loyamba? Anayamba wafukuta mvukuto nthawi yaitali, maso ali pa manja a mbuye wake.

Koma tisanamize ana athu kuti mphunzitsi aliyense ayenera kumkakamira. Zilipo zifukwa zoona zochokera. Ngati mphunzitsi apweteka ana mwadala kuti aonetse mphamvu zake, kapena awakakamiza kulimbana pa dzuwa la mwezi wa October osawapatsa madzi, mwana achoke lero lomwe. Thupi lake si la munthu ameneyo. Ngati agulitsa malamba monga nsomba pa msika, achoke. Ngati ophunzira ake asanduka oputa ndeu pa mowa ndi pa mpira, iye nasekerera, achokenso, pakuti Funakoshi mwini anaphunzitsa kuti luso limeneli si loyambira nalo ndeu. Ndipo akakhala mphunzitsi wabwino amene nzeru zake zafika pothera, iye yekha adzati, "Mwananga, pita kwa uje, adziwa kundiposa."

Chifukwa chake ife makolo tisaweruze tili pakhonde. Timuke kumene aphunzirako, tikhale pansi, tipenye. Tisayang'ane mphunzitsi yekha, koma makamaka ophunzira amene akhala naye zaka zambiri. Kodi apatsa moni akulu? Kodi asamala ang'ono polimbana nao? Mtengo udziwika ndi zipatso zake. Tikapeza zabwino, timuuze mwana apirire chaka china. Tikapeza zoipa, timchotse ife tomwe.

Ndipo pochoka atulukire pakhomo. Amalize ngongole yake, apite ndi mkulu kukatsazika, ayamike pa zimene analandira, ndipo asakanyoze mphunzitsi wakale pamaso pa watsopano. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Chigwa chathu n'chaching'ono. Amene wamsiya lero udzakwera naye bwato limodzi mawa pooloka Shire.

Abale, mlandu uwu suli wa karate yokha. Mwana amene aphunzira lero kukhala pa chifukwa choona, ndi kuchoka pa chifukwa choona, adzatero pa ntchito, pa ukwati ndi mu mpingo. Timthandize akali wamng'ono.