Theka la Ola pa Gombe la Senga

Munthu wochokera ku Lilongwe akapitirira Mvera n'kuyamba kutsetsereka mapiri, amamva mphepo ikusintha pankhope pake. Kuzizira kwa kumtunda kumatsalira m'mbuyo, milambe imayamba kuoneka m'mbali mwa msewu, ndipo pofika pa boma la Salima malaya amakhala atamatirira kumsana. Tauniyi idakula chifukwa cha njanji imene idafika kuno mu 1935, koma nyanja siionekera pamenepo ayi. Uyenera kuyendabe makilomita pafupifupi 20 chakum'mawa, kulambalala mapiri a Senga, ndipo mwadzidzidzi madzi aja ali poteropo, otambalala mpaka ku mapiri a ku Makanjira kutsidya.

Alendo ambiri amafika masana, dzuwa lili paliwombo, pamene nyanja imangoti mbee ngati lata. Wofuna kuiona bwino alawire mbandakucha. Gombe la Senga lidayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatulukira kutsidya kwa madzi. Poyamba chilumba cha Namalenje chimangooneka ngati mtolo wakuda. Kenaka thambo limafiira, madzi nasanduka mkuwa, ndipo mabwato a asodzi amene adachezera usipa ndi nyali usiku wonse amayamba kukocheza, amayi atawadikira kale ndi mabeseni awo pamchenga. Zonsezi sizipitirira theka la ola. Dzuwa likangokwera msinkhu wa mgwalangwa, mitundu ija yathawa.

Theka la olali ndalitchula dala. Makolo anzanga akaona zithunzi za gombeli zimene ndimajambula ndi utoto wa mafuta, funso lawo ndi limodzi: "Aphunzitsi, nanga nthawi mumaipeza kuti?" Salakwa kufunsa motero. Mphunzitsi ali ndi makope oti achonge, mkulu wa mpingo ali ndi odwala oti akawazonde, ndipo pakhomo pali ana ofuna phala, sopo ndi wowamvetsera akamawerenga. Tsiku lathunthu lopanda ntchito silidzafika kufikira anawo atakula, ndipo pamenepo maso adzakhala atachita chidima, manja akunjenjemera. Koma utoto wa mafuta sufuna tsiku lathunthu. Umafuna kanthawi kochepa, kobwerezedwa mokhulupirika.

Chifukwa chake chili mu utotomo. Utoto umenewu ndi ufa wa mtundu wosakanizidwa ndi mafuta a mbewu yotchedwa linseed. Suuma monga matope amene madzi ake amauluka ndi dzuwa. Mafutawo amalimba pang'onopang'ono pokomana ndi mpweya, kwa masiku angapo, ndipo pamene wapaka mochindikala pamatenga masabata. Waphuma amaipidwa nazo, koma kwa kholo ndi mwayi. Mwana akalira, umaika burashi pansi, ndipo pobwerako, ngakhale m'mawa mwake, umapeza utoto ukadali wofewa, wololera kukonzedwa. Ukafuna kupaka mtundu wina pamwamba, uyenera kuyembekeza kuti wapansiwo uume, ndiye kuti chithunzicho chimakutuma chokha kuti ubwerere kwa ana ako. Lamulo lake n'lakuti utoto wapansi ukhale wopyapyala ndi wa mafuta ochepa, wapamwamba wa mafuta ochulukirapo. Ukatembenuza, chithunzi chimadzang'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Motero Loweruka loyamba ine ndimapaka thambo ndi madzi basi, lachiwiri chilumba ndi mapiri, lachitatu mabwato ndi anthu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale akatswiri otchuka adagwira ntchito m'zidutswa zotere. Claude Monet wa ku France, amene pakhomo pake ku Giverny padali ana asanu ndi atatu, adajambula milu ya tirigu m'zaka za 1890 ndi 1891 pa nsalu zambiri nthawi imodzi. Kuwala kukasintha, ankasiya nsalu ina n'kutenga ina, ndipo womunyamulira nsaluzo adali Blanche, mmodzi wa ana opeza a pakhomopo.

Nkhani ya mtsikanayu imandikondweretsa koposa zithunzi zake zomwe, pakuti gawo lalikulu la kujambula ndi ntchito ya maso, ndipo imeneyo imatheka uli ndi ana. Popita nawo kugombe kukagula ndiwo ndimawafunsa kuti, "Madziwo lero ndi a mtundu wanji?" Wamng'ono amayankha kuti ndi obiriwira. Ndikamlozera tsamba la mgwalangwa, amatinso lobiriwira. Apa mkangano umabuka, chifukwa chinenero chathu chimatcha thambo ndi udzu ndi mau amodzi omwewo, pamene diso likuona kuti n'zosiyana. Mwana amene wakangana ndi mbale wake za mtundu wa nyanja wayamba kupenyetsetsa, ndipo m'kalasi mwana wotere ndimamzindikira msanga. Pobwerera kunyumba wina amandisungira m'mutu kuti mthunzi wa bwato udali wofiirira, osati wakuda. Wina amatsuka maburashi ndi sopo. Wamkulu amapaka penti yoyera pa thabwa losalala limene timagwiritsa ntchito m'malo mwa nsalu yodula ija. Mitundu inayi ikukwanira gombe lonseli: woyera, wabuluu, wachikasu ndi wakatondo.

Pali mau amene ndiyenera kuuza abambo anzanga mosapsatira. Theka la ola limene bambo akhala pansi ndi burashi, mayi ali yekha ndi moto, madzi ndi khanda kumsana, silidapezeke koma labedwa. Kwathu tidapangana kuti Loweruka m'mawa n'langa, madzulo ake ndi a mayi a kunyumba, ana n'kukhala ndi ine. Ndipo asanene wina kuti kujambula si kwa akazi. M'mapanga a ku Chongoni, m'mapiri a Dedza, muli malo 127 a zithunzi za pamwala, amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zambiri mwa zithunzi zoyera za kumeneko adazijambula ndi amayi a Chichewa pophunzitsa anamwali, amayi omwewo amene ankasinja, kutunga madzi ndi kulera ana. Inu achinyamata amene mufuna kuona luso la masiku ano, tsatani msewu wa m'mbali mwa nyanja chakummwera, kupitirira doko la Chipoka mpaka ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, nasula amisiri ambiri osema ndi ojambula.

Komabe utoto wa mafuta m'nyumba ya ana ufuna tcheru. Mafuta osungunulira otchedwa turpentine ndi poizoni, ndipo asathiridwe m'botolo la zakumwa, pakuti mwana waludzu safunsa. Mitundu ina ili ndi mtovu, choncho tizitini tonse tikhale m'bokosi lokhoma. Sanza zopukutira mafuta zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikidwe panja, iliyonse payokha.

Salima nayonso ili ndi mayesero ake. Mwera ukayamba kuomba mu Meyi mpaka Ogasiti, mchenga umauluka n'kumatirira pa utoto wauwisi, ndipo chithunzi chimachita nthenya ngati sefa. Nthawi zina mtambo wa nkhungu umadzuka pakati pa nyanja ngati utsi, ndipo ukatera pagombe tizilomboto timadzaza thabwa lonse. Nkhunguzo usazichotse utoto uli wofewa ayi. Dikira uume, zidzachoka ndi chala. Masiku a mwera ine ndimangolemba mabwato ndi pensulo kuseri kwa kope, ndipo thabwa ndimalisunga pamwamba pa kabati, litayang'ana kukhoma, pamene fumbi ndi zala za mwana wotsiriza sizifika.