Kiyi wa Achimwene ndi Bokosi la Amayi

Kwathu ku Chamama, mwana akapita ku koleji amabwerako ali dokotala wa mafoni onse a m'mudzi. Ife awiri, ana a bere limodzi amene tikuphunzira kuno, tikangofika timapeza mafoni akutidikira pamkeka: ina yadzaza, ina yaiwalika nambala yachinsinsi, ina ikufuna WhatsApp yatsopano. Timawakonza ndi matama ndithu. Tchuthi china matamawo anatigwetsa, ndipo amene anavutika ndi achimwene athu aakulu.

Achimwenewo amalima fodya wa bale, ndipo ndi mlembi wa kalabu ya alimi achinyamata. Kalabuyo inali ndi tsamba pa Facebook pomwe ankauzana za mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma, za magalimoto onyamula mabelo, ndi za mavenda oyenda ndi masikelo obera. Mnyamata amene anatsegula tsambalo ananyamuka wa ku Joni osasiyira mnzake ulamuliro, nambala yake n'kusiya kupezeka. Tsamba linangoti zii.

Ife tinafika ndi mankhwala m'manja. Tinali titangophunzira za Nostr, njira yochezera pa intaneti yomwe inayamba mu 2020 ndipo ilibe kampani yoilamulira. Uthenga wako umadutsa pa makompyuta ambiri a anthu osiyanasiyana, imodzi ikazima zina zimapitiriza. Jack Dorsey, mmodzi mwa amene anayambitsa Twitter, anapereka ma bitcoin 14 mu Disembala 2022 kuti ntchitoyi ikule. Polowa sulemba imelo kapena nambala ya foni. Foni yako imangopanga makiyi awiri. Woyamba, woyamba ndi zilembo npub, ali ngati adiresi: umapatsa aliyense. Wachiwiri, woyamba ndi nsec, ndi wachinsinsi, ndipo ndi amene amasayinira uthenga uliwonse kuti anthu adziwe kuti walemba ndiwe. Nzeru ya makiyi awiriyi anaifalitsa Whitfield Diffie ndi Martin Hellman mu 1976.

"Apa palibe angakulandeni dzina lanu, achimwene," tinawauza monyadira. Mbali ina ya nkhaniyo tinaidumpha: palibenso angakubwezereni likatayika.

Tinalowetsa anthu a m'kalabu madzulo amodzi, titakhala pansi pa chigafa fodya akununkhira. Pofika pa kiyi wachinsinsi tinangoti, "Uyu musunge bwino." Kusunga bwino n'kutani, sitinanene. Kiyiyo ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala 63 opanda tanthauzo, ndipo aliyense anangoujambula pa foni yomweyo.

Sabata isanathe, mmodzi anatumiza kiyi wake wachinsinsi pa gulu la WhatsApp, akuyesa ndi adiresi ija. Sitingamunene, chifukwa npub ndi nsec zikufanana ngati mapasa. Nambala yachinsinsi ikaululika umaisintha, koma kiyi uyu sasinthika; mnzathuyo anasiya akauntiyo n'kuyambiranso. Tinaseka, n'kubwerera ku sukulu.

Msika wa fodya utatsegulidwa, foni ya achimwene inayamba kuzimazima. Anapita nayo kwa wokonza mafoni, yemwe anaifulasha monga amachitira nthawi zonse. Chithunzi cha kiyi chinapita pamodzi ndi zonse. Anatiimbira usiku.

"Ndiye ndipite ku ofesi iti ndi chiphaso changa?"

Funsolo linali lanzeru. Ukaiwala nambala ya Airtel Money kapena Mpamba umapita ku shopu ndi chiphaso cha unzika, amakuthandiza. Tinachita chibwibwi powauza kuti kuno ofesi kulibe. Zonse zimene analemba zinkaonekabe, koma sakanathanso kulemba m'dzina lawo, ngati munthu wosuzumira m'nyumba yake pawindo. Atatsegula akaunti ina, anzawo anaikayikira, ndipo sanalakwe: akuba a pa foni amayambanso ndi mawu akuti "ndasintha nambala". Inali sabata yosonkhetsa ndalama za galimoto ya mabelo. Achimwene anapalasa njinga khomo ndi khomo kukatsimikiza kuti ndi iwo, fodya wawo akudikira kusankhidwa.

Titafufuza tinapeza kuti vutoli si la ku Chamama kokha. Mu 1999 ku America, Alma Whitten ndi Doug Tygar anapatsa anthu 12 odziwa kale imelo pulogalamu ya PGP, yogwiritsanso ntchito makiyi awiri, ndi mphindi 90 zoti atumize uthenga wobisika. Anayi okha ndi amene anakwanitsa. Ku Newport, m'dziko la Wales, James Howells anataya chosungira zinthu cha kompyuta mu 2013, muli kiyi wa ma bitcoin pafupifupi 8,000, ndipo anatha zaka akupempha chilolezo chokumba kudzala. Masamba ena, monga Mastodon ndi Bluesky, amapeputsa zinthu pokusungira makiyi, kotero ukaiwala umabwezeretsa ndi imelo. Kumeneko n'kosavuta, koma wakusungirayo ali ndi mphamvu pa iwe.

Yankho lathu tinalipeza pakhonde. Tchuthi chotsatira tinkafotokozera amayi zomwe zinachitika, iwo akutong'ola chimanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa, "Kiyi ameneyo anali ndi anthu angati?"

"Mmodzi, amayi. Ndi mmene zimayendera."

"Ndiye munkayembekezera chiyani?"

Anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje n'kutionetsa kakiyi. Amayi ali mu banki m'khonde, ndipo bokosi la gulu lawo lili ndi maloko atatu. Makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, pomwe wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale mmodzi. Bokosi limatsegulidwa pamaso pa onse. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo lero ili m'midzi yambiri m'Malawi muno. Ena mwa amayiwa sukulu sanapite nayo patali, koma palibe anawaphunzitsa kawiri za makiyi. Akudziwa kuti munthu amadwala, amasamuka, amayesedwa, ndipo chuma sachimangirira pa mtima umodzi.

Akatswiri anaiganizirapo nzeru yomweyi. Mu 1979 Adi Shamir anaonetsa masamu ogawira chinsinsi m'zidutswa, mwachitsanzo zitatu, kuti ziwiri zilizonse zikakumana chinsinsi chibwerere, koma chimodzi pachokha chisaulule kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti kiyi wa bokosi akatayika loko amadula ndi sowo, pomwe loko wa masamu alibe sowo. N'chifukwa chake njira yobwererera iyenera kukonzedwa tsiku loyamba, foni isanadwale.

Tinayambiranso ndi kalabu, ulendo uno pang'onopang'ono, anthu awiri pa tsiku. Mayina tinasintha: npub tinkamutcha "adiresi", nsec "kiyi wa kuchipinda", ndipo palibe anasokonezanso. Kujambula kiyi pa foni tinaletsa. Mapulogalamu ena a Nostr amatha kutsekera kiyi ndi mawu achinsinsi, n'kutulutsa mndandanda woyamba ndi ncryptsec, womwe pawokha sutsegula kanthu. Mndandandawo aliyense anaulemba pa mapepala awiri: limodzi mu kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi makadi a kuchipatala, lina kwa m'bale wa mudzi wina. Mawu achinsinsi anauza munthu wachitatu amene alibe pepala. Tisanachoke, aliyense ankatuluka mu akaunti n'kulowanso pogwiritsa ntchito pepala lake, ife tikuona. Atatu anapeza kuti analakwitsa chilembo, ndipo anakonza pomwepo.

Ntchito idakalipo. Mapulogalamu ena amapanga kiyi kuchokera ku mawu 12 osavuta kulemba, ochokera pa mndandanda wa mawu 2,048. Mindandanda yovomerezeka ilipo m'Chingerezi, Chifalansa, Chijapani, Chipwitikizi ndi zilankhulo zina zochepa, koma wa Chichewa palibe. Machenjezo a m'mapulogalamu nawonso amabwera m'Chingerezi cholimba, chimene munthu amangodina kuti chichoke. Anzathu amene mukuphunzira za makompyuta ndi zilankhulo, mitu ya kafukufuku ndi imeneyo.

Ndipo nonse amene mudzapeze mafoni pamkeka tchuthi chikubwerachi, musanalowetse munthu pa chilichonse chatsopano, dzifunseni funso la achimwene lija: foni ikafa apita kuti? Ngati yankho mulibe, ntchito simunamalize.

Pepala la achimwene lili ndi amayi. Analipinda kanayi n'kuliika m'chitini momwe amasungamo buku lawo la banki m'khonde. Zolembedwapo sangaziwerenge, koma anatifunsa kawiri ngati mawu otsegulira ali ndi munthu wina. Titavomera, anatseka chitinicho.