Ulongwe, vila imene inadzazanso

Ana inu, mumaidziwa vila ya Ulongwe? Ena munapitako ndi amayi ku cipatala. Ena munapitako ndi atate kukagulitsa nyemba. Ena simunafikeko, koma mumamva akulu akunena kuti, "Mawa ndipita ku Vila." Vila imeneyo ndiyo Ulongwe.

Ulongwe ndi likulu la boma la Angonia, m'cigawo ca Tete. Ili pamalo okwera, ndiye kumazizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ana amabwera ku sukulu manja ali m'khwapa. Mzinda wa Tete uli kutali, makilomita oposa 200, ndipo kumeneko kumatentha kwambiri. Koma Dedza, ku Malawi, ndi pafupi. Mukadutsa malire a Calómuè, mwafika.

Ine ndinakulira ku Ulongwe. Tsopano ndimaphunzitsa pa sukulu ya kumudzi, ndipo ku Vila ndimapita pa njinga Loweruka.

Kale kuno kunali Acewa. Ankalima mapira ndi maungu, ankavina gule wamkulu. Kenaka kunabwera Angoni a kwa Maseko. Iwo anacokera kutali kummwera, nawoloka mtsinje wa Zambezi. Anayenda zaka zambiri. Ca m'ma 1870 anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Mafumu awo otchuka ndi Cikuse ndi mwana wake Gomani. Dzina lakuti Angonia linacokera kwa Angoni amenewa.

Angoni anakwatira akazi a Cicewa. Mwana amalankhula cinenero ca amayi ake, conco Cingoni cinayamba kuiwalika. Lero timacimva m'nyimbo za ngoma, pamene abambo akuvina ndi zikopa ndi zibonga m'manja. Kwathu atate ndi Mngoni, amayi ndi Mcewa. Tonse timalankhula Cinyanja.

M'caka ca 1891 Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana za malire. Sanafunse munthu aliyense wa kuno. Mzere wawo unadula pakati pa abale. Malume anapezeka mbali ya Angerezi, mphwawo mbali ya Apwitikizi. Apwitikizi anamanga boma lawo pano, nalicha Vila Coutinho. Ankakhometsa msonkho ndi kugwira anthu ku cibalo, nchito yokakamiza. Amuna ambiri anathawira ku Nyasaland. Ena anapita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni.

Dziko lathu la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Dzina la Coutinho linacotsedwa, ndipo vila inachedwa Ulongwe.

Koma mtendere sunakhalitse. Kunabuka nkhondo pakati pa ana a dziko limodzi. M'zaka za 1985 ndi 1986 nkhondoyo inakula kwambiri kuno ku Angonia. Sukulu zinatsekedwa. Masitolo anatsekedwa. Anthu anathawa m'midzi ndi m'vila momwe.

Ine ndinali ndisanabadwe. Zimene ndikulemba apa anandiuza ndi agogo anga aakazi, amayi awo a amayi anga.

Iwo ananyamuka usiku, m'caka ca 1986. Anali ndi ana anayi. Amayi anga anali ndi zaka 6, msinkhu wanu womwewu. Agogo anasenza mphika, mphasa ndi khasu. M'nsalu anamanga mbewu ya nyemba. Nkhuku anazisiya. Mbuzi anazisiya. Anayenda m'tinjira ta m'chire, osalankhula, osayatsa moto. Amayi anga akuti cimene amakumbukira ndi mame ozizira m'miyendo, ndi dzanja la mkulu wawo limene silinawataye.

Anafika m'mudzi wina wa m'boma la Dedza. Kumeneko kunali abale, aja anagawidwa ndi mzere wa 1891. Abalewo anawapatsa malo omangapo kanyumba ndi kamunda kakang'ono. Sanali okha. Anthu a ku Moçambique amene anathawira ku Malawi anapitirira 1 miliyoni. M'maboma a Dedza ndi Ntcheu ambiri sanakhale m'misasa. Anakhala m'midzi, pakati pa eni ake. Eni mudziwo nawonso anali osauka. Nkhuni zinacepa, minda inacepa, pa citsime panali mzere wautali. Nthawi zina ankakangana. Koma sanawathamangitse.

Amayi anga anaphunzira kuwerenga kumeneko. Mlongo wawo wamng'ono anadwala, namwalira kumeneko. Manda ake ali ku Malawi mpaka lero, ndipo caka ndi caka banja lathu limawoloka malire kukalambula.

Pa 4 Okutobala 1992 atsogoleri anasaina mtendere mu mzinda wa Roma. Anthu a kuno sanadikire magalimoto owanyamula. Kwawo kunali pafupi. Amuna anayamba kubwera kudzazonda, kenaka mabanja anatsatira wapansi.

Agogo anabwerera m'caka ca 1993 ndi ana atatu. Nyumba anaipeza yopanda denga. M'munda munali mitengo yoposa munthu kutalika. Kodi munda wawo akanaudziwa bwanji? Anaudziwa ndi mtengo wa mapicesi umene anabzala okha pa malire. Ena analibe cizindikiro cotere. Mabanja awiri ankaloza munda umodzi. Anyakwawa ndi akuluakulu anakhala pansi pa mtengo masiku ambiri, kuweruza milandu ya minda. Si onse anakondwa. Pali mabanja ena amene amadandaulabe.

Mu Okutobala 1994 anthu anavota koyamba pa masankho a zipani zambiri. Mu 1997 boma linacita kalembera, kuwerenga anthu nyumba ndi nyumba. Linacitanso mu 2007 ndi mu 2017. Ine ndili ndi kalembera wanga wa pakhomo. Agogo anabwerera ndi ana 3. Lero ali ndi zidzukulu 14. Werengani ndi zala zanu, muona kuti manja awiri sakwanira. Mabanja ambiri anacuruka motere, ndipo vila inadzazanso.

Mu 2008 Ulongwe inakhala munisipiyu. Ndiye kuti anthu a m'vila amasankha okha atsogoleri oyang'anira misika, misewu ndi ukhondo. Kunabweranso sukulu ya ukacenjede ya zaulimi, nthambi ya Universidade Zambeze.

Tsiku la Loweruka pa msika pamadzaza. Alimi amabwera ndi ngolo za ng'ombe, njinga ndi njinga zamoto. Amabweretsa cimanga, nyemba, soya, kabici, tomato ndi mbatata ya kacewere. Malole amanyamula mbatatayo kupita nayo ku Tete ndi ku Beira. Mukachera khutu, mumva Cinyanja, Cinyungwe, Cisena ndi Cipwitikizi. Anamwino, apolisi, aphunzitsi ndi amalonda ambiri anacokera kwina. Ndalama yathu ndi metikali, koma m'misika ya m'malire anthu amadziwanso kwaca ya ku Malawi. Amayi ogulitsa tomato amawerengera ndalama ziwirizi m'mutu, mofulumira kuposa ine mphunzitsi.

Lamulungu m'macalichi mumadzaza. Lacisanu ena amapita ku mzikiti. Madzulo anyamata amasewera mpira. Pakagwa maliro, onse amasiya nchito. Amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, abambo amapita kukakumba. Safunsa kuti womwalirayo anali Mngoni, Mcewa kapena mlendo.

Cimodzi cimandidetsa nkhawa, makolo. Vila ikukula, ndipo ikudya minda. Pamene ine ndinkadyetsa mbuzi ndili mwana, lero pali nyumba za malata. Ena akugulitsa malo amene agogo awo anawalimbira mu 1993. Ndalama ya malo imatha m'miyezi yocepa. Ine sindikondwa nazo. Munda wa agogo anga ulipo, ndipo tinapangana pa banja kuti sitigulitsa. Mtengo wakale wa mapicesi unauma, koma tinabzala wina pomwepo.

Ana inu, mukafika kunyumba lero, mukafunse agogo kapena azakhali mafunso awa: Munabadwira kuti? Munali kuti m'caka ca 1992? Munda wathu munaupeza bwanji? Mawa mudzatiuze m'kalasi.

Akakana kuyankha, musawakakamize. Agogo anga anayamba kundiuza zimenezi ndili ndi zaka 15, tikusenda mbatata pakhonde.